Ana a Imvi a ku Chulukani

Dziko la Chulukani musalifune pa mapu, mungotha maso pachabe. Lili uko, kuseri kwa phiri la Musatifunse, m'mbali mwa mtsinje wa Mawamawa, ndipo amene anafikako amati ndi dziko la ana okhaokha. Sanama ayi. Kungoti ena mwa anawo amayendera ndodo.

Ku Chulukani munthu sakula ndi zaka. Mwana akabadwa amamusiyira tsumba pakati pa mutu, ndipo tsumbalo salikhudza wina aliyense koma mfumu. Kale, chaka chilichonse anthu akatha kukolola, anyamata ndi atsikana ofika pamsinkhu ankasonkhana pabwalo la kulikulu, ku Mpandowanga, mfumu n'kuwameta ndi lumo lake. Ukametedwa ndiye kuti wakula: kwatira, imwa mowa, lankhula pabwalo, pita kumanda ukaike maliro. Usanametedwe ndiwe mwana basi, kaya ndevu zikukufika pachifuwa. Ndipo mtsikana wotenga pakati tsumba lili pamutu ankamuwolotsa mtsinje pamodzi ndi mwini mimbayo, osadzapondanso kwawo. Mwambo unali umenewo, ndipo kwa mibadwo yambiri sunavutitse munthu.

Tsono mafumu a kumeneko sankatamandidwa ndi nkhondo kapena misewu. Ulemu wa mfumu unali matsumba. Pa tsiku la lumo mfumu inkakwera pansanja n'kuyang'ana bwalo, ndipo likada bii ndi timitu ta ana, oimba ankati mfumu iyi ndiye tate weniweni. M'masiku a mfumu Sindilakwa Woyamba, mayi wa ana asanu ndi awiri anzake ankamufunsa ngati akudwala. M'masiku a Sindilakwa Wachiwiri minda inayamba kuchepa, abale n'kumagawana mizere m'malo mwa maekala, ndipo amayi anayamba kunong'onezana za kulera akamachokera kuchitsime. Pofika masiku a Sindilakwa Wachitatu, mwini nkhani yathuyi, banja la ana atatu linkaonedwa ngati lolimba mtima. Bwalo lija linayamba kuonetsa dothi.

Chaka china mfumu inatsika pansanja nkhope itagwa, n'kuitanitsa nduna zake zonse nthawi yomweyo.

"Bwalo la agogo anga linkada bii," inatero. "Langali likuoneka ngati mutu wa dazi. Ana anga apita kuti?"

Nduna ina yokalamba, imene mwina inali itatopa nawo moyo, inawomba m'manja n'kunena kuti ana sanapite kulikonse, kungoti sakubadwa, pakuti amayi akuti munda wa mizere khumi sungadyetse ana khumi. Mfumu inathokoza kwambiri chifukwa cha mawu anzeruwo, ndipo m'mawa mwake mkuluyo anakwezedwa paudindo, kukakhala woyang'anira ng'ona kumathero a mtsinje.

Kenako anaimirira a Ndamvabwana, Nduna ya Zakuchuluka, munthu amene khosi lake linazolowera kugwedeza mutu moti ankavomereza ngakhale ali m'tulo.

"Mwini dziko, zikomo," anatero atapinda msana. "Tisawanamizire amayi. Nkhokwe siitha chifukwa cha munda wokha, imatha chifukwa cha wotapamo. Tsono ndani amatapa ana m'dziko muno chaka ndi chaka?"

Aliyense ankayang'ana zala zake za kumapazi.

"Ndi lumo, Mwini dziko. Osati dzanja lanu, ayi ndithu, dzanja lanu silinalakwepo chibadwire. Lumo. Mwana amabwera pabwalo ali mwana bwinobwino, pobwerera kwawo wasanduka wamkulu. Tataya ana angati mwa njira imeneyi, ife tikuimba ndi ng'oma zomwe?"

Nduna zinawomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Mfumu inayang'ana kudenga kwa kanthawi, kenako inati maganizo amenewo inali nawo kalekale, imangodikira kuona ngati pali wina wanzeru woti awatulukire.

Lamulo linafika pamsika wa Tsekapakamwa dzuwa lili paliwombo. Wolengeza anakwera pa mgolo n'kukuwa kuti Mwini dziko, Tate wa Matsumba, Sindilakwa Wachitatu, chifukwa cha chikondi chake pa ana, walamula kuti lumo lipumule, ndipo kuyambira tsikulo palibe mwana amene adzatayikenso mwa kukula.

Anazimbiri, mayi wogulitsa usipa, amene pakamwa pake ngakhale dzina la msikawo linalephera kutseka, anamvetsera mpaka kumapeto akuingitsa ntchentche.

"Koma abale, nzeru zili kulikulu," anatero. "Ine kwathu mazira akuchepa. Ndikafika ndikaletsa nkhuku kufungatira, ndisatayenso dzira ndi limodzi lomwe."

"Nanga nkhukuzo zikakalamba, adzaikira ndani?" anafunsa bambo wina wogula.

"Zimenezo mukafunse kulikulu, achimwene. Ine sukulu sindinapite nayo patali."

Anthu anaseka, koma pa benchi yoyandikana ndi ya Anazimbiri panali mmodzi amene sanaseke. Ameneyu anali Esinati, mtsikana wogulitsa tomato, ndipo chaka chimenecho chinali chake chometedwa. Lufeyo, mnyamata wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango wa pamsikapo, anali ataumba kale njerwa, ndipo amalume a mbali zonse ziwiri anali atamvana kuti lumo likangodutsa, ukwati. Esinati sankafuna zambiri pamoyo. Ankafuna Lufeyo, ndiponso mwana wakewake woti amubereke kumsana, ngakhale mmodzi yekha.

"Usade nkhawa, mwana wanga," Anazimbiri anamuuza. "Malamulo a kulikulu ndi chimfine, sabata ziwiri atha."

Koma chimfine ichi chinamanga nyumba.

Kunena zoona, nzeru ya a Ndamvabwana inagwira ntchito. Chaka chotsatira bwalo linadzaza pang'ono, chinacho linadzaza ndithu, pakuti matsumba akale sankachoka, ndiponso eni ake ankanenepa n'kumaphimba dothi lija. A Ndamvabwana anavekedwa mendulo, chaka chinacho ina, mpaka jekete linayamba kupendekera mbali imodzi. Popeza mwana ayenera kukhala pasukulu, unduna unkawonjezera kalasi imodzi chaka chilichonse, ndipo m'mawa unkaona anthu a mimba zawo atavala makabudula akuthamangira belu, masana n'kumapita kukagwira ntchito zawo. Kwaya ya ana ya kulikulu inayamba kuimba ndi mawu onjenjemeretsa mawindo. Ophika mowa analira, pakuti omwa ankachepa maliro aliwonse. Kumanda nako kunavuta: ana saloledwa kumeneko, choncho okumba anali nkhalamba zokhazokha, ndipo manda a ku Chulukani anayamba kulekezera m'mawondo.

Chimene nduna sizinkakonda kutchula ndi bwato. Thupi silinapiteko kusukulu ya malamulo, ndiye mwezi ndi mwezi bwato la boma linkawolotsa ana olakwa awiriawiri, mmodzi mimba ili patsogolo. Kutsidyako, m'dziko la Kwaeni, makanda anachuluka moti mphepo ikachokera kumeneko m'mawa, kulira kwawo kunkamveka mpaka ku Mpandowanga. Mfumu itafunsa za phokosolo, a Ndamvabwana anati ndi amphaka a anthu osatukuka, ndipo analamula kuti ng'oma zizilira mphepo ikangotembenuka.

Tsiku lina masana, msika utazizira, Esinati anapita pansi pa mango paja atanyamula tomato wophwanyika woti Lufeyo akathire mu ndiwo. Anamupeza akumata chubu. Tsumba la Lufeyo linali litayamba kuthothoka, ndipo ankalimanga ndi ulusi kuti asilikali asamuganizire kuti wadzimeta yekha.

"Esinati, anzathu onse ali kutsidya," anatero Lufeyo osadzutsa mutu. "Mwana woyamba wa mnzathu Filipo akuti wayamba sukulu. Ife tikudikira chiyani? Tilakwe basi, bwato litinyamule."

"Nanga amayi?"

Lufeyo anapitiriza kumata chubu chija. Mayi ake a Esinati anali osaona, ndipo analibe mwana wina. Bwato la boma linkanyamula olakwa awiri okha, apongozi ayi.

"Adzawatungira madzi ndani, a Lufeyo? Adzawatsogolera kuchimbudzi ndani? Iwo amati ndizipita, ndisawaganizire. Koma akamanena zimenezo, dzanja lawo limakhala litagwira chitenje changa."

"Zaka zikupita, Esinati."

"Mukuuza ine? Inu ndinu mwamuna, ngakhale mano atatha mudzabereka. Ine nthawi yanga ili ndi polekezera. Ndili ndi mantha, a Lufeyo. Tsiku lililonse ndimadzuka ndi mantha."

Lufeyo anapopa chubu chija n'kuchiviika m'beseni, ngakhale anali atachiyesa kale.

Tsiku la lumo lija linali litasinthidwa dzina. Tsopano linali Tsiku la Matsumba, ndipo pachimake pa mwambowo mfumu inkaitana mwana mmodzi n'kumufunsa chimene akufuna. Yankho lake ankaliphunzitsa kusukulu mwezi wathunthu: "Masiwiti, tate." Chaka china aphunzitsi anavutika kupeza mwana wopanda ndevu, amenenso angathe kugwada n'kudzuka popanda womuthandiza. Anasankha Esinati, atamudetsa imvi za m'tsumba ndi makala.

Esinati anakwera pansanja, anagwada, bwalo lonse likuyang'ana. Mfumu inamwetulira, dzanja lili kale m'mbale ya masiwiti.

"Ukufuna chiyani, mwana wanga?"

"Lumo, tate."

Woimba ng'oma wina anaphonya, ndodo n'kugwa pansi.

"Ndikufuna mundimete, tate, ine ndi Lufeyo wokonza njinga pa Tsekapakamwa. Ndikufuna kukwatiwa, ndibereke mwana nthawi isanandithere. Masiwiti ndadya okwanira, ndipo mano odyera ndatsala nawo ochepa."

Mfumu inaseka mpaka kutsokomola. "Taonani ana a masiku ano kukhwima msanga," inatero, ikuyang'ana bwalo kuti liseke nawo.

Bwalo silinaseke. Matsumba onse aja anangoima duu, maso ali pansanja. Apa m'pamene mfumu inaona chinthu chimene inali isanachionepo: ana akewo anali ndi mapewa onga a ng'ombe zapangolo. Inatembenuka kuyang'ana asilikali ake. Msilikali ayenera kukhala wometedwa, kutanthauza kuti wamng'ono mwa iwo anali akuwodzera chiimirire, atatsamira mkondo. Mwambo unatha msanga tsiku limenelo, ati chifukwa cha dzuwa.

"Ndichite naye chiyani mwana wamwano ameneyu?" inafunsa mfumu nduna zitasonkhana.

"Mwini dziko, zikomo," anatero a Ndamvabwana, mendulo zikulira. "Akuluakulu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha. Timupatse lamulo. Aliyense akhoza kumetedwa, bola pabadwe khanda lolowa m'malo mwake. Mmodzi kulowa, mmodzi kutuluka. Bwalo silichepa, ndipo inu mudzakumbukiridwa ngati mfumu yomva kulira kwa ana."

Mfumu inati maganizo amenewonso inali nawo kale.

Analitcha Lamulo la Chifundo. Wolengeza uja, amene tsopano ankachita kumukweza pa mgolo, anauza msika kuti mzere wa ofuna lumo watsegulidwa, ndipo mwa kukoma mtima kwa Mwini dziko, woyamba pamzerewo ndi Esinati, wachiwiri Lufeyo. Anthu a matsumba anabalalika okhutira, aliyense kuthamangira malo ake pamzere. Munthu ukamupatsa mzere woti aimepo, amaiwala zokwiya.

"Tsono khandalo abereke ndani?" anafunsa Anazimbiri, amene pa nthawiyi usipa ankachita kuuyandikiza kumaso kuti auone. "Ometedwa tonse ndife agogo opanda zidzukulu. Kapena ndiyesere ine, abale? Pezani mwamuna wometedwa amene sagona akamatafuna."

Esinati anapita ku unduna kukafunsa funso lomwelo mwaulemu. Anamuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, n'kumupatsa siwiti.

Anadekha. Mvula inagwa, inaleka, inagwanso. Njerwa za Lufeyo zinamera udzu, kenako mtengo. Mayi ake a Esinati anali akadali moyo, kaya mwa chifundo cha Mulungu kaya mwa nthabwala zake, ndipo Esinati ankawasambitsa m'mawa uliwonse asanavale yunifolomu ya sukulu. Makala odetsera tsumba anasiya kuwafuna. Pa Tsiku la Matsumba a Ndamvabwana ankalengeza kuti ana a ku Chulukani ndi athanzi kuposa a dziko lina lililonse, pakuti palibe ndi mmodzi yemwe wodwala chikuku, ngakhale kuti nyamakazi inali itavuta m'makalasi apamwamba.

Khandalo linabwera mwangozi. Mayi wina wa ku Kwaeni, wogulitsa mbiya, anawoloka ndi katundu wake ali wotopa kale, ndipo matenda anamuyamba pakati pa msika. Amayi anatchinga zitenje kuseri kwa benchi ya usipa, Anazimbiri n'kukwinya manja a bulauzi akutukwana aliyense woyandikira. Patapita kanthawi kunamveka kulira. Msika wonse unaima. Agalu a pamsikapo, amene anali asanamvepo phokoso lotere chibadwire, anathawira kuphiri.

Anthu anaunjikana kudzaona. Ena mwa ana a ndevu aja ankafunsa ngati kamwanako kadzakula kapena kamakhala choncho. Anazimbiri anatuluka nako atakakulunga, nayang'anayang'ana, n'kukaika m'manja mwa Esinati.

"Gwira, mwana wanga. Aka ndiye lumo lako."

Esinati anakayang'ana. Kanali kofunda, kakununkhira mwa mtundu wake, kadzanja kakufunafuna pachifuwa pake. Anakabweza msangamsanga, n'kubwerera pa benchi yake kukasanja tomato amene anali wosanja kale.

Dzuwa lisanapendeke a Ndamvabwana anali atafika pa machila. Analengeza kuti khanda lobadwira pa dothi la Chulukani ndi la Chulukani, ndipo kubadwa kwake ndi umboni wakuti ndondomeko za Mwini dziko zayamba kubala zipatso. Mayi wa mbiya uja anamutengera kunyumba yachifumu ngati mlendo wolemekezeka, pakhomo n'kuikapo asilikali anayi ogona mosinthana.

Lumo analifunafuna ponseponse, n'kulipeza kukhitchini, ophika akupalira mamba a nsomba. Nyimbo za mwambowo panalibe wozikumbukira bwino, choncho kwaya inangoimba ya masiwiti ndi mawu ake a mabingu aja. Bwalo linadzaza mpaka kumsewu. Mfumu anachita kuinyamula pokwera pansanja, pakuti nayo inali itakalamba, makutu atagontha, dzanja likunjenjemera ngati tsamba.

Esinati anagwada. Lumo linapala, linaphonya, linamucheka pang'ono pamwamba pa khutu, linapalanso. Tsumba loyera mbuu linagwera pa mphasa. Mphepo inamuwomba pakati pa mutu, malo amene anali asanamvepo mphepo.

"Dzuka, wakula lero," inatero mfumu mokweza, monga amachitira ogontha. "Ndipo popeza ndine tate wachifundo, mnzako wa njinga uja sindinamuiwale. Pita ukabereke msanga. Khanda lakolo lidzalowa m'malo mwake, ifenso tidzamumeta, kenako mukwatirane."

Nduna zinawomba m'manja. Panalibe wofunsa kuti akabereka ndi yani, popeza wamkulu kukhudza mwana ndi mlandu. Mafunso otero ankathera kwa ng'ona.

Esinati anaimirira. Tsopano anali ndi ufulu wolankhula pabwalo, ndipo anaugwiritsa ntchito kamodzi kokha. Sanakweze mawu, koma bwalo linali chete moti anamveka mpaka kumsewu.

"Mwachedwa, Mwini dziko. Kumwezi ndinasiya kupita dzinja lathali. Mwana amene mukunenayo sadzabwera."

Mfumu inatchera khutu ndi chikhatho. "Akuti chiyani?"

"Akuthokoza, Mwini dziko," anatero a Ndamvabwana, akukodola oimba ng'oma.

Ng'oma zinalira. Esinati anatsika pansanja, ndipo monga mwa ulemu wa dzikolo, ana onse anagwada kuti wamkulu adutse. Kugwadako kunatenga nthawi, kukumveka mafupa kulira thethethe ndi kubuula uku ndi uku. Patsogolo penipeni pa mzere panali Lufeyo, amene tsopano anali woyamba. Anagwada nawo, maso pansi, katsumba kake ka ulusi kakugwedezeka.

Esinati anaima patsogolo pake.

"Dzukani, a Lufeyo."

"Ndamva zimene wanena," anatero Lufeyo chapansipansi. Kenako anakumbukira kuti akulankhula ndi wamkulu. "Zimene mwanena."

"Dzukani, chonde. Anthu akuona."

"Ndikuyesa. Bondo lagwira."

Apa Esinati analira, kulira kwenikweni, kosabisa, misozi ikusakanikirana ndi magazi a pakhutu paja. Analirira mwana amene sadzamubereka kumsana, analirira munthu wokalamba amene anagwada pamapazi ake atavala kabudula wa sukulu. Kenako anawerama, anamugwira m'khwapa, n'kumudzutsa pang'onopang'ono monga amadzutsira nkhalamba, uku pansanja a Ndamvabwana akuuza mfumu kuti iyang'ane bwalo mmene ladzazira ndi ana.